Dokotala wosabaya jakisoni

Moni nonse amene mwatchera khutu, kaya muli m'basi mukuthamangira shifiti ya usiku, kaya muli kumudzi mwasungira dala bandulo. Kuno ku Liverpool kwacha ndi mvumbi, ndiye ndathawira kukhitchini komwe kuli kofunda. Mukamva ketulo ikulira musadabwe.

Mlongo wina wa ku Leeds ananditumizira funso pa WhatsApp, akuti achimwene, mumati munali mphunzitsi wa pa yunivesite, nanga zinatheka bwanji kuti lero muzipima anthu? Ndinamulonjeza kuti ndiyankhira pano.

Ine ndinaphunzitsa biology ku Zomba, ndipo chimene ndinkachidziwa kuposa china chilichonse ndi nkhono. Osati nkhono zapamtunda zija, koma tating'ono ta m'madzi totchedwa Bulinus, tomwe timasunga tizilombo ta likodzo. Wodwala akakodzera m'madzi, mazira amaswa, timphutsi timalowa m'nkhono, timachulukana m'menemo, kenako timatuluka n'kuboola khungu la mwana amene akusambira kapena mayi amene akuchapa. Zimenezi ndinkazijambula pabolodi maso ali chitsinzinire. Tinkatsika ndi ophunzira ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa, titavala majombo, n'kumakokola nkhono m'mabango mpaka dzuwa kutipsereza m'khosi. Anawo ankandiitana kuti Prof ngakhale udindowo ndinali ndisanaufike, ndipo sindikubisa, ndinkasangalala nazo.

Mu 2008 ndinabwera kuno kudzachita PhD. Liverpool ili ndi sukulu yakalekale ya matenda a m'mayiko otentha, inakhazikitsidwa mu 1898, ndipo ubale wake ndi Blantyre ndi wodziwika. Nditamaliza ndinapita kumudzi kukaonekera. Mbiri inali itafika kale kuti mwana wa uje wabwera ndi udokotala. Kutacha ndinapeza anthu atakhala pakhonde, aliyense kabuku ka kuchipatala kali m'manja. Ndinayamba kufotokoza kuti udokotala wanga ndi wa kafukufuku. Azakhali anga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuti, "Iwe mwanawe, dokotala wanji wosabaya jakisoni?" Anthu anaseka, nanenso ndinaseka. Koma panali mnyamata wina yemwe amayi ake anati akukodza magazi. Moyo wonse wa kachilombo kali m'chikhodzodzo mwakemo ndinkaudziwa, dzina la mankhwala ndinkalidziwa, praziquantel, koma chilolezo chomulembera ndinalibe. Ndinangowapatsa ya basi kuti apite kuchipatala.

Zinandidya mumtima kwa zaka. Kunonso ntchito ya kafukufuku inali ya makontirakiti a chaka chimodzi kapena ziwiri, thandizo likatha uyambirenso kulemba makalata.

Tsono mverani apa, inu amene mukuganiza zofananazi. Ku Britain munthu amene ali kale ndi digiri akhoza kuphunzira udokotala kwa zaka 4 m'malo mwa 5. Pali mayeso olowera, masukulu ena amafuna GAMSAT, ena UCAT, ndipo PhD siikupulumutsa, umakhala pa benchi limodzi ndi ana obadwa iwe uli kale pantchito. Chopweteka kwambiri ndi fizi. Ukalowa ngati wochokera kunja, ndalama zake ngakhale utagulitsa munda ndi ng'ombe za fuko lonse sizikwana. Ine ndinadikira mpaka nditapeza chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale kuti ndizilipira ngati mwini dziko. Ndinalowa mu 2015 ndili ndi zaka 44. Mayi a kunyumba, omwe ndi namwino, ndiwo anasenza banja, ine Loweruka ndi Lamlungu ndinkasambitsa agogo achizungu m'nyumba yosamalira okalamba.

Pondilimbitsa mtima, mkulu wina wa kutchalitchi ankakonda kundikumbutsa za Kamuzu. Nayenso anayamba ndi digiri ina ku Chicago mu 1931, udokotala anaumaliza ku sukulu ya Meharry ku America konko mu 1937, n'kukawonjezera mapepala ku Edinburgh mu 1941, ndipo anadzagwirako ntchito mumzinda uno nthawi ya nkhondo. Ndinkamuyankha kuti bambo, a Ngwazi analibe ana awiri ofuna nsapato za kusukulu.

Za m'buku sizinandivute. Maselo, majini, tizilombo, zonsezo ndinkachita kuthandiza anzanga. Manja ndiwo anandichititsa manyazi. Tsiku lina m'wodi anandituma kukatenga magazi kwa bambo wina wokalamba. Ndinabaya koyamba, palibe. Kachiwiri, palibe. Thukuta kamukamu pamphumi, bamboyo wangoti duu kuyang'ana kudenga. Namwino wamng'ono, msinkhu wa ophunzira anga a ku Zomba, anabwera, kugwira mkono kamodzi, magazi m'botolo. Usiku umenewo ndinafika kunyumba ndili ndwii. Mkazi wanga anamva nkhaniyo, anapinda malaya, n'kuika mkono wake pa tebulo lomwe ndakhalali. Anati nditsinzine. "Bambo a ana, mtsempha sitiusaka ndi maso. Pa khungu ngati lathuli muuona bwanji? Umveni ndi chala, umadidikizika n'kubwerera." Ndinakhala ndikupapasa mkono wake mpaka nsima inazizira.

Ndinamaliza mu 2019, n'kuyamba ntchito Lachitatu loyamba la Ogasiti, tsiku limene madokotala atsopano amalowa m'mawodi dziko lonse lino. Patangopita miyezi 7, Covid inafika. Za nthawi imeneyo ndidzakamba tsiku lina, lero mtima sukufuna. Pambuyo pa zaka 2 zoyambirira pa ntchito ya udokotala ndinachita zina 3 kuti ndikhale GP, dokotala wa m'dera amene munthu amayamba wamuona asanapite kuchipatala chachikulu. Wodwala aliyense amapatsidwa mphindi ngati 10. Munthu amene ndinazolowera kuyankhula ola lathunthu pabolodi, kuphunzira kutseka pakamwa kunali sukulu inanso.

Nkhono zija zinadzanditsatira. Kunabwera mtsikana wachizungu, akuti akuona magazi kumapeto kwa mkodzo, ndipo anamwa kale mankhwala a matenda a m'chikhodzodzo koma osasintha. Ndinamufunsa ngati anayendako kunja. Anati chaka chatha anazungulira mayiko angapo a mu Africa. Ndinafunsa ngati anasambirako m'nyanja. Nkhope inawala, akuti eya, malo okongola kwambiri, mwina simukuwadziwa, amatchedwa Cape Maclear. Ndinadzigwira kuti ndisaseke. Ndinaitanitsa zoyeza magazi ndi mkodzo, ndinamuuza kuti mkodzowo autenge masana chifukwa ndi pamene mazira amatuluka ambiri. Zotsatira zinabwera monga ndinkaganizira, tinalumikizana ndi akatswiri, analandira praziquantel wake. Asanatuluke ndinatenga pepala n'kumujambulira nkhono, mazira ndi timivi tozungulira, mphindi 10 zija zinapitirira, ndipo wapakhomo anachita kundigogodera kuti odwala ena akudikira.

Madzulo ake ndinaimbira foni azakhali kuti ndiwauze. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa ngati ndinamubaya jakisoni. Ndinati ayi, likodzo ndi la mapiritsi. Anangoti "Hmm," n'kuyamba kundiuza za mtengo wa feteleza.

Ketulo ija yawira kachitatu tsopano. Mlongo wa ku Leeds, ngati pali pamene sindinafikepo tumizaninso uthenga. Tsalani bwino.