Alamu, za mawaipa a Land Rover yanu ija

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani, nthawi imene munkaimba ija ndinali pansi pa galimoto, manja ali girizi yekhayekha, foni sindikanaigwira. Koma uthenga wanu ndaumva. Ndaumva kawiri. Ndiye khalani pansi, ndilankhula motalika pang'ono, mukasochera mubwereze.

Mwati mwagula ku Lilongwe kabotolo ka Rain-X, mankhwala opaka pagalasi kuti madzi a mvula azitsetsereka, ndiye mukuti "mwina ndingopaka basi, mawaipa ndidzaona mvula ikatha." Iyayi alamu. Iyayi. Waipa wanu uja waipadi, dzina lake lamutsata, ndipo mankhwala sangalowe m'malo mwake. Tiyambe ndi mankhwalawo... ayi, dikirani, tiyambe ndi waipa, chifukwa mukapaka mankhwala pagalasi malabala ali ouma ngati chikopa cha ng'oma, mudzangowonjezera mavuto.

Fyuzi ndi waya wa ethi, zimenezo mukuzidziwa, mupalepo dzimbiri, mumange bwino. Sindichedwapo. Ngati mota ikulira koma mikono ikuyenda ngati bilimankhwe, ikafika pakati n'kuima kuganiza kaye, vuto si magetsi. Ndi girizi.

Galimoto yanuyo ndi Series III, zija anapanga kuyambira 1971 mpaka 1985. Siili ngati Peugeot 504 kapena Datsun, zimene zili ndi timikono tachitsulo tolumikizana kuseri. Siilinso ngati Series II yakale ija, imene galasi lililonse linali ndi kamota kakekake, kokhala ndi kachogwirira kuti zikavuta muzipukusa ndi dzanja. Yanuyo ili ndi mota imodzi ya Lucas, kumanzere kwa dashibodi, mbali yokhala pasinjala. Kuchokera mu motamo mumatuluka chingwe chachitsulo, chozengedwa waya ngati sipuling'i, chimene chimadutsa mu kapaipi. Chingwecho sichizungulira ayi. Chimangopita, kubwera, kupita, kubwera. Ndiye pansi pa mkono uliwonse pali kabokosi, amakaniko timati wheelbox, muli kagiya. Chingwe chikamadutsa chimaluma mano a kagiyako, kagiya n'kumapotoza mkono. Mwamva? Chingwe, kapaipi, timabokosi tiwiri. Basi. Morris Minor ndi Mini zakale n'chimodzimodzi.

Tsono girizi amene ali mu kapaipimo mwina ndi wamkulu kuposa mwana wanu woyamba. Wauma, wasakanikirana ndi fumbi, wasanduka ngati phula la pamsewu. Kuzizira kwa kuno ku Dedza ndiye kumamulimbitsa kwambiri, n'chifukwa chake m'mawa mawaipa amakana, masana n'kumayendako.

Poyamba chotsani waya wa batire. Musanene kuti switchi ndazimitsa. Mota imeneyi ili ndi waya wina amene amaipatsa moto ngakhale switchi ya waipa ili yozimitsa, kuti mikono izibwerera pogona pake. Ikhoza kukulumani chala. Chotsani waya.

Kenako chotsani mikono yonse iwiri panja. Yonse iwiri, alamu, musanakhudze chingwe. Chifukwa pokoka chingwe timagiya tija timayenera kuzungulira momasuka, ndiye ngati mikono ilipo idzagunda felemu ya galasi, inu n'kumakoka ndi mphamvu, n'kupinda kapaipi. Kapaipi kakapindika, ndiye mwadzipalira ntchito ina. Pali kakilipu pansi pa mkono, mukakweza ndi sikuludiraiva yaing'ono, mkono umasolokapo. Ukakana, thirani mafuta, mupite mukamwe tiyi, mubwere. Osamenya ndi hamala.

Mukatero tsegulani chivindikiro cha mota, tili timasikuluwu tating'ono. Yalani nsalu pansi kaye, chifukwa kamodzi kakagwera m'fumbi simukaonanso. Mkatimo mupeza giya wamkulu, kamkono kolumikiza giya ndi chingwe, kakilipu ndi timawashala. Jambulani ndi foni musanachotse kalikonse. Kawashala kali pansi kabwerere pansi, kali pamwamba kabwerere pamwamba. Ndiye kokani chingwe chonse chituluke. Chitsukeni mu parafini ndi mswachi wotha, mpaka muone chitsulo chikuwala. Mu kapaipinso muthiremo parafini. Chikauma, pakani girizi watsopano, osati wochuluka ngati mukupaka majarini pa buledi, wongokwanira.

Aaa, ndaiwala. Musanachibweze, yang'anani pamene chimalumana ndi timagiya. Mupeza kuti chadyeka mbali imodzi yokha. Chitembenuzeni, mbali yodyeka ipite kwina, yabwino ikumane ndi mano. Kagiyanso chimodzimodzi. Waipa sazungulira mpaka kumaliza, amangoyenda gawo, ndiye mano a mbali imodzi amatha, a mbali inayo akadali atsopano chichokereni ku fakitale. Chingwe chili kunja choncho, gwirani kamutu kamene mkono umakhalapo, kazungulitseni theka, madigiri 180. Mwapeza mano atsopano osalipira tambala. Theka, alamu, osati kuzungulitsa konse, mukazungulitsa konse mwabwerera pomwe munali. Ikani chizindikiro ndi choko kuti musasokonezeke.

Mukalowetsa chingwe, musanachilumikize ku mota, yesani kuchikoka ndi dzanja. Mabuku akale okonzera magalimoto amenewa amati mphamvu yokokera isapitirire mapaundi 6, ndiye kuti makilogalamu 2.7. Muli ndi kasikelo kokoloweka kaja mumayezera mbatatesi, kolowekani pa diso la chingwe, mukoke, muwerenge. Ikapitirira, pena pake pathina, mwina kapaipi sikanakhale bwino m'kabokosi, mwina mwamanga mopitirira.

Tsopano apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere, chifukwa ndi pamene ine ndinagwa nazo. Zimitsani wailesi.

Musabwezeretse mikono. Ndikubwereza, musabwezeretse mikono kaye. Lumikizani batire, tsegulani kiyi, yatsani waipa opanda mikono. Timitu tija tizingogwedezeka tokha. Mulole tiyende kangapo, kenako muzimitse ndi switchi ya waipa. Ya waipa, osati kiyi. Mukazimitsa ndi kiyi mota imaima paliponse pamene yapezeka. Mukazimitsa ndi switchi imamaliza ulendo wake, n'kukaima pogona pake. Ikaima yokha choncho, ndi pamene mumaika mikono, yogona pamalo pake, labala asakhudze felemu, musiye mpata ngati wa zala ziwiri.

Ine ndili mnyamata, ndikuphunzira ntchito pa galaja ina, anandisiyira Land Rover ya bambo wina wa ku Bembeke. Ndinatsuka chingwe bwinobwino, girizi, zonse, ndikudzimva kuti ndine katswiri. Ndinazimitsa ndi kiyi, n'kuika mikono pamene maso anga anaona kuti pakongola. Mwini wake wabwera, waima pambali, chipewa m'manja. Ine kuyatsa. Mkono m'malo mokwera unayamba watsika, kukagunda chitsulo cha pansi, gwa! Mota ikukankhabe. Ndinangomva krrr, krrr, kenako zii. Mano a kagiya anali atasosoka, timutu ta mkono tatha, ndipo fungo la waya wopsa layamba kumveka. Nthawi imeneyo kupeza wheelbox kunali kuyenda, tinadikira masabata. Abwana anga sanandikalipire ayi, anangoti, "Mphwanga, malipiro ako a mwezi uno ali m'kabokosi aka." Mpaka lero ndikamaika mkono wa waipa mtima umagunda.

Ndiye mwamva eti? Opanda mikono, kuyatsa, kuzimitsa ndi switchi, iime yokha, kenako mikono. Ndipo poyesa koyamba thirani madzi pagalasi. Osayesa pagalasi louma. Dzanja lina likhale pa switchi.

Malabala gulani atsopano, tengani akalewo poyerekeza, chifukwa galasi lanu ndi lafulati, lamagawo awiri, ndipo mawaipa ake ndi aafupi. Aja a magalimoto atsopano opindika aja sagona bwino pamenepo. Kasipuling'i ka mkono kakatopa, labala amangoseweretsa madzi, ndiye kayang'aneninso.

Mukumukumbukira mkulu uja ankanyamula kabichi pa Lizulu, wa pikapu yobiriwira? Dzina lisiyeni. Ndinamuuza kuti bweretsani ndikukonzereni, theka la tsiku basi. Iye akuti alibe nthawi. Anamanga zingwe ziwiri ku mawaipa, china kutulukira windo la kumanja, china la kumanzere, iye akukoka uku, mnyamata wake akukoka uko. Pagalasi n'kupaka mbatatesi yodula pakati, akuti madzi amatsetsereka. Masana zimaoneka ngati zikuthandiza, sindikana. Koma usiku, nyali za thiraki yochokera kutsogolo zikawomba pa ufa wa mbatatesi uja, galasi lonse limangoti mbuu. Anatsika nazo Khwekhwerere kupita ku Golomoti mvula ikugwa, dzanja limodzi pa chiwongolero, lina pa chingwe. Pa kona ina mnyamata anakoka nthawi imodzi ndi iye, chingwe n'kuduka. Mwayi wake anagwera mbali ya phiri, mu ngalande, osati mbali ya phompho. Kabichi anadya ndi anthu a m'mudzi. Anabwera kwa ine sabata yotsatira, akutsimphina, akuti "mawaipa aja."

Chabwino. Mankhwala tsopano.

Mankhwalawo ndi abwino, sindikuwanyoza, inenso ndimapaka. Ali ndi silikoni, amapanga kakhungu kosaoneka pagalasi, ndiye madzi m'malo moyala amaundana timadontho ngati pa tsamba la koko, mphepo n'kumatiulutsa. Koma mvetsani mawu amenewo: mphepo. Pamafunika liwiro. Mmene ndaonera ine, mukafika cha m'ma makilomita 60 pa ola kupita m'tsogolo ndi pamene timadontho timathawa tokha. Pa M1, kuchoka pa boma kupita ku Ntcheu, muli opanda katundu, mudzasangalala. Koma inu mwadzaza matumba a mbatatesi, muli giya thu pa chitunda, galasi lanu loimirira ngati khoma lija, mphepo yake ichokera kuti? Komanso kuno tili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600, vuto lathu si mvula yamkuntho yokha. Ndi nkhungu ija ya m'mawa, ndi mvula yamawawa ya chiperoni mu June ndi July. Timadontho take ndi tating'ono kwambiri, tilibe kulemera koti titsetsereke, timangomatirira. Pamenepo ndi waipa basi.

Kapakidwe kake. Tsukani galasi ndi sopo wotsukira mbale, mutsukuluze kwambiri. Likauma, pukutani ndi sipiriti, uja wa papo, kuti mafuta onse achoke, utsi wa dizilo, polishi, zala za ana. Yendetsani chikhatho, mukamva tokhakhala, simunamalize. Galasi liume gwa. Ndipo muchite pamthunzi, galasi lili lozizira, osati masana dzuwa lili pamutu, chifukwa amauma musanawayale n'kusiya mizere. Thirani pang'ono pa kansalu koyera, osati pagalasi, pa kansalu, muzipaka mozungulira, mozungulira, osadumpha malo. Dikirani mphindi zochepa, muona pachita mbuu. Pakaninso kachiwiri. Pakachitanso mbuu... apa ndi pamene anthu amachita ulesi. Mbuu ameneyo ayenera kuchoka yense. Wazani timadzi pang'ono, mupukute ndi nsalu ina youma kapena nyuzipepala, mpaka galasi liziti ngwee. Mukasiya pang'ono pokha, usiku mudzaona ngati mkulu wa kabichi wopaka mbatatesi uja, ndipo waipa azidumphadumpha, kulira ngati chule.

Kunja kokha, alamu. Kunja. Mkati musapake, za nthunzi ya mkati pali mankhwala ena, kapena ingotsegulani timazenera ta mphepo tija pansi pa galasi, paja Land Rover anaipatsa. Komanso windo lakumbuyo lija munaikamo pulasitiki, lisiyeni, awa ndi a galasi.

Malabala atsopanowo muwapukute ndi nsalu yonyowa musanawaike. Ndipo mankhwalawo amatha, waipa amawapala pang'onopang'ono, ndiye mukaona kuti madzi ayambanso kuyala, mutsuke, mupakenso. Mawindo a m'mbali ndiye pakani ndithu, kumeneko kulibe waipa, amakhalitsa.

Mwati chiyani paja za madzi owazira? Aa, kabotolo ka madzi owazira pagalasi kaja, thiranimo madzi oyera, osati Surf, amatseka timabowo. Timabowo tikatsekeka, singano.

Kasikelo kaja ngati simukapeza, ingokokani ndi zala ziwiri, chingwe chikamabwera osakuvutitsani ndiye kuti chili bwino. Mukatsegula chivindikiro cha mota munditumizire chithunzi ndione giya wamkuluyo, nthawi zina amakhala atang'ambika. Kwabwera kasitomala, ndaona minibasi yalowa pageti ikutsokomola. Mupereke moni kwa achemwali, muwauze nyemba zija zinafika.