Kodi banja likakhala pa umphawi limakhala likulimbana ndi chiyani?

Moni kwa nonse amene mukuonera, ndipo takulandiraninso. Lero tikambirana za umphawi wa pabanja, ndipo ndikupemphani kuti muonere mpaka kumapeto, chifukwa pali bodza lina limene limandipweteka mtima nthawi zonse ndikalimva.

Choyamba, tione mwachangu mmene umphawi umayezedwera. Mu 1990 bungwe la World Bank linaika malire a umphawi wadzaoneni pa dola imodzi patsiku kwa munthu mmodzi. Malirewo anafika pa $1.90 mu 2015, pa $2.15 mu 2022, ndipo mu 2025 anakwezedwa kufika pa $3.

Chachiwiri, ndalama zokha sizifotokoza zonse. Kuyambira mu 2010, bungwe la UNDP, lomwe ndi nthambi ya United Nations yoona za chitukuko, pamodzi ndi akatswiri a ku yunivesite ya Oxford limayeza umphawi poona zinthu 10 zokhudza thanzi, maphunziro ndi pokhala, monga ngati ana akupita kusukulu, ngati pabanjapo panamwalira mwana, ndiponso ngati pali madzi abwino akumwa ndi chimbudzi. Taganizirani mayi amene mwana wake watentha thupi pakati pa usiku, pamene ndalama imene ili m'nyumbamo ingakwanire chinthu chimodzi chokha, ulendo wa kuchipatala kapena chakudya cha mawa. Akasankha chipatala, ana ena agona ndi njala, ndipo matenda akapitirira agulitsa chida chimene amapezera ndalama.

Ngati mukupindula ndi zimenezi, dinani batani lotitsatira pansipa tisanapitirire.

Chachitatu ndi bodza lija, lakuti osauka ndi aulesi, ndipo ukawapatsa ndalama amangokamwera mowa. Ndikudziwa kuti ena mwa inu munalimvapo kwa anthu ophunzira bwino, koma umboni ukukana. Akatswiri awiri a zachuma, David Evans ndi Anna Popova, anasonkhanitsa zofufuza zambiri za mapologalamu opatsa mabanja ndalama ku Africa, Asia ndi Latin America, ndipo anapeza kuti ndalama zogulira mowa ndi fodya sizinakwere, m'malo mwake nthawi zambiri zinatsika.

Nanga zosankha zolakwika zimene timawanena nazo zimachokera kuti? Mu 2013 magazini ya Science inafalitsa kafukufuku wa Sendhil Mullainathan, Eldar Shafir ndi anzawo, amene anayesa nzeru za alimi a nzimbe a ku Tamil Nadu m'dziko la India. Alimi omwewo anayesedwa kawiri, asanakolole pamene anali m'ngongole, ndiponso atagulitsa nzimbe zawo, ndipo anakhoza bwino ulendo wachiwiriwo. Mitu yawo sinasinthe ayi, chimene chinachepa ndi nkhawa imene inkawadya maganizo usana ndi usiku. Inunso kumbukirani tsiku limene munali ndi ngongole yosadziwa koibwezera, ndipo mudzifunse ngati munkatha kuganizira za chaka chamawa.

Komanso wosauka amalipira zambiri kuposa wolemera pa chinthu chomwecho. Amagula pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku chifukwa sangathe kugula zambiri nthawi imodzi, ndipo banki ikamukana chifukwa chosowa chikole amathamangira kwa wakatapira, amene chiwongoladzanja chake chimameza phindu la mwezi wonse. Munthu wotereyu amadzuka m'bandakucha ndi kugona mochedwa, ndiye kumutchula mlesi n'kumulakwira kwambiri.

Chachinayi, mwachidule, ana ndi amene amasenza katundu wolemera. Kuperewera kwa chakudya m'masiku 1,000 oyambirira, kuchokera pamene mayi watenga pathupi mpaka mwana atakwanitsa zaka 2, kumatha kupinimbiritsa thupi ndi ubongo kwa moyo wonse.

Mu vidiyo yotsatira tidzafotokoza bwino za masiku 1,000 amenewa, choncho itumizeni vidiyoyi kwa munthu amene munamumvapo akunena bodza lija, kuti tidzakhale naye limodzi.