Tsiku limene liwu loti "fast" linatsala pang'ono kundigwetsa m'mavuto

Moni nonse akwathu, a ku Kapata, a ku Mchini, a ku Katete, ndi inu amene mukundimvera pa foni muli m'basi ya ku Lusaka. Kuno ku Leeds, ku Britain, kwacha ndi kamvula kawo kosathaka. Ndangoweruka kumene ku ntchito ya usiku, ndiye mundikhululukire mawu akamveka otopa.

Mwana wa mlongo wanga, amene akulemba mayeso a Giredi 7 chaka chino, wanditumizira uthenga pa WhatsApp: "Atsibweni, kodi mneni m'Chingerezi ndingamuzindikire bwanji?" Iwe mwanawe, funso lako landikumbutsa usiku wina mu 2022, chaka chimene Britain anatsegula visa ya osamalira okalamba, ambirife n'kubwera.

Pa chitseko cha agogo ena amene ndinkawasamalira panali kapepala kolembedwa kuti "Fast from midnight." Ine fast ndinkamudziwa kuti ndi liwiro, ngati la minibasi yothamangira ku Mwami. Ndinangoti akufuna ndizigwira ntchito mwachangu ikakwana 12 koloko usiku. Kutacha ndinanyamula phala ndi tiyi. Mnzanga wina wa ku Zimbabwe anandigwira mkono pakhomo penipeni. Agogowo ankapita ku opaleshoni tsiku limenelo, sankayenera kulawa kanthu. Fast ameneyo anali mneni, kutanthauza kusala kudya. Ndikakumbukira mpaka lero m'mimba mumanditentha.

Aphunzitsi athu ankati mneni, verb m'Chingerezi, ndi "doing word", liwu losonyeza ntchito. N'zoona, koma sizikwanira. Kwathu mneni sabisala. Ukati "ndinakuonani", liwu limodzilo lanyamula ine, nthawi, inu ndi kuona komwe. Chingerezi chimamwaza zonsezo, ndipo liwu lomwelomwelo lero likhala dzina, mawa likhala mneni. Water ndi madzi, koma "water the plants" ndi kuthirira. Book ndi buku, koma "book a taxi" ndi kuitanitsa galimoto. Pa sitima za pansi pa nthaka ku London amalengeza kuti "Mind the gap", ndipo mind pamenepo si maganizo ayi, akuti samalani.

Chimene ndimachita ine ndi kusuntha nthawi. Tenga chiganizo choti "The nurse checks the chart", uike yesterday kutsogolo. Chikhala "Yesterday the nurse checked the chart." Nurse ali chikhalire, chart ili chikhalire. Liwu limene lagwedezeka ndiye mneni wako. Njirayi imagwiranso aneni amene saoneka ngati akugwira ntchito iliyonse: is amasanduka was, have amasanduka had. Alipo ouma mutu, monga put ndi cut, amene sasintha dzulo ndi lero. Amenewo uwayese ndi will, uone ngati "will put" ikumveka.

Koma za pa zitseko ndi pa mabotolo a mankhwala zimakhala zolamula, sizitchula munthu. Pamenepo ndimaika "you must" patsogolo. "You must fast from midnight." Ndikanadziwa zimenezi usiku uja, phala lija silikanachoka n'kukhitchini komwe.

Ndiye mwanawe, tenga mapepala a mayeso akale, usankhe ziganizo khumi, uzisunthe nthawi chimodzichimodzi. Loweruka ndikuimbira undiwerengere. Uwauzenso amayi ako kuti nsinjiro zija ananditumizira zatha.