Makalata a omvera: agogo asintha mayendedwe

Takulandirani omvera athu a ku Mulanje, ku Thyolo ndi inu a kutsidya kwa Muloza. Makalata a lero onse akukamba za makolo athu okalamba, ndipo yoyamba yachokera kwa mayi wina wa ku Chitakale.

"Achimwene a pa wailesi, mayi anga ali ndi zaka 74. Anakalambira pa ntchito yothyola tiyi, dengu kumsana, ndipo ngakhale atapuma ankapita kumsika wapansi ife ana kumachita kuwathamangira. Chaka chino asintha. Akuyenda mokhwekhwereza mapazi, ndipo ndikawafunsa kanthu tili m'njira amayamba aima kenako n'kuyankha. Kunyumba akumaiwala ndiwo pamoto, funso lomwelo kufunsa mobwerezabwereza. Alongo anga akuti ndi ukalamba basi. Kodi n'zoona?"

Zikomo chemwali. Alongo anuwo sanalakwitse kwenikweni, pakuti munthu akamakula liwiro limachepa ndithu. Koma m'kalata yanuyi chandigwira mtima n'choti mayi amaima kuti ayankhe. Ambirife timaganiza kuti kuyenda ndi ntchito ya miyendo yokha, pomwe ubongo ndiwo umayeza pamene phazi liponde, kuona mwala, kusunga thupi kuti lisapendekeke. Ubongo wabwinobwino umachita zonsezi munthu akucheza. Ukayamba kufooka umalephera kusenza ziwiri nthawi imodzi, ndiye umasiya chimodzi.

Mu 1997 ofufuza a ku Sweden analemba m'magazini ya zachipatala ya The Lancet kuti okalamba amene amaima akalankhulidwa ali m'njira ndiwo ankagwa kawirikawiri m'miyezi yotsatira. Mu 2022 kafukufuku wina wa anthu pafupifupi 17,000 a zaka 65 kupita m'mwamba, ku Australia ndi ku America, anapeza kuti amene kuyenda kwawo kunkachedwa chaka ndi chaka, kukumbukira nakonso kukucheperachepera, ndiwo anali pa chiopsezo chachikulu cha dementia, matenda aja oiwalaiwala, kuposa amene anali ndi vuto limodzi lokha. Mayi anu ali ndi zonse ziwiri, n'chifukwa chake sindikufuna muzingoti ndi ukalamba.

Komatu sindikunena kuti matendawo awapeza. Munthu amene wasenza dengu m'mapiri zaka zambiri akhoza kukhala ndi nyamakazi ya m'mawondo. Shuga amachititsa dzanzi kumapazi. Ng'ala imapangitsa munthu kuponda mwamantha. Kuchepa kwa vitamini B12, yemwe timampeza mu nsomba, mazira ndi nyama, kumasokoneza mayendedwe ndi mutu womwe, ndipo kumachizika. Nako kuthamanga kwa magazi kumawononga timitsempha ta mu ubongo mwakachetechete. Ngati dzanja likunjenjemera atangokhala, ndipo manja sakugwedezeka poyenda, adokotala amaganizira za matenda a Parkinson.

Chitani ichi pakhomo. Akhazikeni pa mpando, yezani mamita 3, adzuke, ayende kukafika pamenepo, atembenuke, abwerere n'kukhalanso, inu mukuwerenga nthawi pa foni muli pambali pawo kuti angagwe. Achipatala amati masekondi 12 kapena kuposerapo ndi chizindikiro choti munthu angathe kugwa. Muzilemba m'kope mwezi ndi mwezi. Kenako pitani nawo kuchipatala cha boma pa Mulanje kapena ku Mulanje Mission, buku lawo la kuchipatala lili m'manja, ndipo mukalowe nawo kwa adokotala. Mayi athu akafunsidwa amangoti "ndi miyendo", za ndiwo zopserera sadzazitchula. Mukazitchule ndinu.

Kalata yachiwiri yachokera ku Thekerani, kwa bambo amene sanafune kudzitchula.

"M'mudzi mwathu muli agogo ena aamuna amene awapeza kangapo m'bandakucha akuzungulirazungulira pafupi ndi manda, osadziwa njira ya kwawo. Achinyamata ayamba kunena kuti amakhala akuchokera kotamba. Ine ndikuopa kuti tsiku lina awachita chipongwe."

Bambo, mwachita bwino kulemba, ndipo musadikire tsiku limenelo. Kusochera pamalo amene munthu anabadwira, kudzuka usiku n'kumayenda osadziwa kolowera, ndi zizindikiro zodziwika za dementia imene yafika patali. Bungwe la World Health Organization limati anthu oposa 55 miliyoni pa dziko lonse ali ndi matendawa, ndipo ambiri mwa iwo ali m'maiko osalemera ngati lathu lino. Ku London munthu wotere amamutengera kuchipatala, kuno ena amamutolera miyala. Zimandinyansa ndithu. Achinyamatawo adziwe kuti lamulo la Witchcraft Act la 1911 likadalipo, ndipo kutchula munthu mfiti ndi mlandu. Kaonaneni ndi amfumu pamodzi ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, akhale pansi ndi abale a agogowo. Usiku pakhale wogona nawo m'nyumba, chitsime cha pafupi chivundikiridwe, ndipo m'thumba la malaya awo muzikhala kapepala ka dzina la mudzi ndi nambala ya foni ya mwana wawo. Kuchipatala cha Malamulo ku Makwasa si kutali kwambiri ndi kwanuko, akawaone adokotala.

Yomaliza ndi uthenga wa pa foni wochokera ku Luchenza.

"Bambo anga kuyambira Lamulungu akukoka mwendo wakumanzere, pakamwa papotoka pang'ono. Tiyambe kuwayeza ndi mpando uja?"

Ayi achimwene, za mpando zisiyeni. Zimene takamba lerozi zimabwera pang'onopang'ono, pa miyezi ndi zaka. Zanuzi zabwera mwadzidzidzi, mbali imodzi ya thupi, ndipo zikuoneka ngati sitiroko. Ngati akutsamwa musawakakamize phala kapena madzi. Pezani galimoto lero lomwe mupite nawo kuchipatala cha boma pa Thyolo, mukauze adokotala tsiku ndi nthawi imene zinayamba komanso mankhwala alionse amene akumwa.