Funsani za madzi simenti asanathire

Chabwino tiyambe, amene muli kumbuyoko sendezani kuno kuti ndisamakuwe. Nonse mwamva za nsomba zija zinafa kumunsi kwa damu atatseka mageti usiku, ena munaziona ndi maso zili mbuu m'matope ana akutola, ndipo chonde nsomba yofa yokha osadya. Koma chandibweretsa n'chakuti mtsinje umayenera kusiyiridwa madzi ake, ndipo zimenezo zimafunsidwa damu lisanamangidwe, simenti asanathire. Akathira basi, mudzangolira.

Ku Tanzania, m'mapiri a Udzungwa, kuli mathithi a Kihansi. Pamenepo pankakhala kachule kachikasu, kochepa kuposa chala chanu chachikuluchi, sikaikira mazira ayi, kamabereka tiana tamoyo, ndipo dziko lonse lapansi kankapezeka pompo pokha, pamalo pafupifupi mahekitala awiri pomwe madzi akamagwa amawaza ngati nkhungu. Akatswiri anakatulukira mu 1996 ntchito ya damu lamagetsi itayamba kale. Mwamva? Itayamba kale. Madzi atawakhotetsera kumakina, omwe ankafika pamathithi anachepa ndi pafupifupi 90 peresenti, nkhungu ija inatha, udzu unayamba kuuma. Anaika mapaipi owaza madzi kuti ayerekeze nkhunguyo, anatenga achule pafupifupi 500 kukawasunga kumalo osungirako nyama a Bronx Zoo ku America, kenako kunabwera matenda a fangasi, pofika 2009 analengeza kuti kutchire kachuleko katheratu. Anayamba kukabwezera mu 2012, ndalama zambirimbiri, chifukwa funso linabwera mochedwa.

Eya bambo, lankhulani. Akuti chani? Akuti ndiye chule aposa mwana wawo amene akuwerengera kandulo? Ayi musawaseke, funso limenelo ndi lenileni. Inenso magetsi ndimawafuna bambo, madzi apampopi ndimawafuna, mayi akamabereka usiku kuchipatala getsi liyake. Palibe akunena kuti damu lisamangidwe. Koma taganizani, madzi amene chule akuwasowa si omwewo amene inu mumathirira mbewu kumunsi? Dambo likauma chitsime chanu chimatsika, nsomba zimasowa poswanirana chifukwa zambiri zimaikira mazira madzi akasefukira m'maudzu, mvuu zikasowa pobisala zimabwera m'minda mwanu, ndiye nyama ikayamba kufa dziwani kuti otsatira ndinu. Ndipo njira ilipo. Ku Zambia pomanga damu la Itezhi-Tezhi m'ma 1970 anakonza zoti mu March azitsegula madzi ambiri kwa masabata angapo kuti dambo la Kafue lizisefukirabe, chifukwa kumeneko kuli lechwe, nyama zonga agwape zokhala m'madzi osaya, kuli mbalame, ng'ombe za anthu ndi asodzi. Sizinayende bwino zaka zonse, dambo linasinthabe, koma poti zinalembedwa pachiyambi anthu anali ndi pogwira pokadandaula. N'chifukwa chake ndikuti funsani simenti asanathire bambo.

Koma nanunso ndikudzudzuleni pang'ono. Akaitana msonkhano wa lipoti lija loona mmene ntchito ikhudzire chilengedwe mumabwera angati? Ena mumangosaina pepala n'kumapita, mawa ndinu oyamba kudandaula. Ndipo misampha ija m'malo otetezedwa amatchera ndi a kampani yomanga damu? Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje mukadula dothi limakokolokera m'damu momwemo, damu n'kudzaza matope, magetsi omwe mukuwafunawo n'kumazima.

Ndikuona ena ayamba kuyang'ana mafoni, ndithamange. Kumsonkhano pitani, ndipo funsani kuti m'chilimwe asiya madzi ochuluka bwanji mumtsinje, akuuzeni nambala, ilembedwe, osati zapakamwa. Funsani ngati pali njira yoti nsomba zizikwerera kumtunda, ndiponso adzikuchenjezani bwanji asanatseke kapena kutsegula mageti. Mapaipi ndi mawaya a magetsi asadutse pomwe nyama zimaswana ngati pali polambalala, pamawayapo amangirire zolendewera zoti mbalame zikuluzikulu ziziona, zimafa zambiri powomba mawaya. Mukaona nyama kapena nsomba zakufa jambulani, lembani tsiku, kauzeni a zanyama zakutchire tsiku lomwelo. Zonsezi simenti asanathire, mwamva? Amayi awo anyamuka kale, tadikirani kaye mayi, tisankhe anthu oti akatiyimire kumsonkhanowo.