Samalani komplimenti musanaweruze seramu

Anzanga a mu labu, tamverani uthengawu musanagwire seramu mawa, madzi aja amatsala magazi akaundana.

Chimene tikufuna kuona n'chakuti ma antibodi (mapuloteni oteteza thupi) a m'seramu ya ana angaphe kapena ayi bakiteriya ya Salmonella yolowa m'magazi, ija imavutitsa ana kuno ku Blantyre. Kafukufuku wa konkuno wa mu 2008 anaonetsa kuti ana ochuluka amagwidwa pakati pa miyezi 4 ndi 16, ma antibodi ochokera kwa mayi atatha, awoawo asanapangike. Koma antibodi payekha sapha. Iye amangomata pa kachilombo, woboola khungu lake ndi komplimenti, gulu lina la mapuloteni a m'magazi. Ndiye komplimentiyo sachedwa kuwonongeka, apa ndi pamene ambiri amalakwitsa.

Magazi tengerani m'chubu chopanda mankhwala oletsa kuundana. Cha EDTA, cha chivindikiro chapepo chija, ayi ndithu: chimamanga kashiamu ndi maginiziyamu, komplimenti n'kuleka kugwira ntchito. Asiyeni aundane mphindi 30, muwazunguze pa sentirifuji, mugawe seramuyo m'timachubu ting'onoting'ono, ilowe mufiriji ya -80 maola awiri asanathe. Kachubu kamene mwasungunula musakabwezerenso. Ngati magetsi anazima usiku, yambani mwaona pepala la kutentha kwa firijiyo.

Kachilombo kathu ndi Salmonella ya mtundu wa D23580, kaja kanapezeka m'magazi a mwana kuno mu 2004. Kakhale kakukula mwamphamvu, osati kogonera m'botolo kuyambira dzulo. Thirani m'seramu yosasukulutsa ndi madzi, tizilombo pafupifupi 1 miliyoni pa mililita, muike pa madigiri 37. Tapani pang'ono pa mphindi 45, 90 ndi 180, musukulutse, mudontheze pa mbale za agar zomeretsera tizilombo, muwerenge m'mawa mwake. Zonsezi muchitire mu kabineti yotetezera ku tizilombo, mutavala magolovesi.

Kachubu kamodzi ka seramu katenthetseni musanathiremo tizilombo, pa madigiri 56 kwa mphindi 30. Pamenepo komplimenti wafa, ma antibodi atsala, ndipo tizilombo tiyenera kuchuluka. Tikachepa m'menemo, china chake chikupha, mwina mwana amene munamutenga magaziyo anamwa maantibayotiki, choncho funsani. Muikenso seramu ya munthu wamkulu imene mukudziwa kale kuti imapha. Iyo ikakanika, vuto ndi kasungidwe kanu, musalembe kuti mwanayo alibe chitetezo.

Seramu ya anyani ikadzabwera, njira ndi yomweyi, koma muyambe mwandiimbira chifukwa magazi awo amafuna zodzitetezera zoonjezera.