Phula la mumchenga ndi nkhalango zoyaka ku Canada

Zikomo a Mfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse. Anyamata kumbuyoko sendererani kuno, mphepoyi ikuba mawu.

Lero tikamba za Canada, dziko lalikulu zedi loposedwa ndi Russia yekha. Kumpoto kwa chigawo cha Alberta kumayenda mtsinje wa Athabasca, ndipo mchenga wa m'mbali mwake ndi wakuda bii, wosakanikirana ndi phula longa lija amathira pamsewu. Makolo a mtundu wa Cree, eni nthaka akumeneko, ankamatira mabwato awo phulalo kuti asalowe madzi. Mu 1967 kunatsegulidwa mgodi woyamba waukulu, anthu n'kuyamba kutsuka mchengawo ndi madzi otentha kuti phula lilekane nawo, kenako n'kuliyenga kukhala mafuta.

Kuti apeze mgolo umodzi wa malita 159, amafukula mchenga pafupifupi matani 2. Asanafike pamchengapo amagwetsa nkhalango n'kupala dothi lonse la pamwamba. Madzi otsukira aja amatsala ndi poizoni, ndiye amawasunga m'madamu otambalala ngati nyanja. Mu 2008 abakha am'tchire pafupifupi 1,600 anatera padamu la kampani ya Syncrude, phula linawamata nthenga, n'kufera pomwepo.

Kumunsi kwa mtsinjewu kuli mudzi wa Fort Chipewyan, wa anthu odalira usodzi ndi ulenje. Amayi mukudziwa zomwe amatunga wakumunsi, wakumtunda akamachapa. Anthu amenewa akhala akudandaula kwa zaka zambiri za madzi ndi nsomba zawo, ndipo ine ndimawamvetsa.

Tsono pali moto. Dziko la Canada likutentha mofulumira kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi dziko lonse lapansi. Madzi oundana akusungunuka msanga, nkhalango n'kuuma gwaa nthawi isanakwane. Mu Meyi 2016 moto unalowa mu Fort McMurray, tauni yomwe inakula ndi ndalama za mafuta omwewa. Anthu pafupifupi 88,000 anathawa, nyumba pafupifupi 2,400 zinapsa. Mu 2023 ndiye kunapsa mahekitala pafupifupi 15 miliyoni. Malawi yense, kuphatikiza nyanja, sakwana mahekitala 12 miliyoni. Taganizani, kuyambira Chitipa mpaka Nsanje phulusa lokhalokha, moto n'kutsalako ndi njala! Utsi wake unakaphimba dzuwa ku New York.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri chili pansi. Nkhalango zambiri kumeneko zakhala pa dothi la zomera zomwe zakhala zikuwunjikana kwa zaka masauzande osavunda bwinobwino chifukwa cha chinyezi ndi kuzizira. Dothi limeneli likauma limayaka. Inu owotcha makala mukudziwa uvuni wokwirira bwino, pamwamba zii koma mkati muli moto. Ndi mmene umachitira motowu: umanyeka pansi nyengo yonse yozizira, n'kudzadzuka chaka chinacho. Mpweya woipa wa kaboni womwe unatsekeredwa m'dothimo ukatuluka umawonjezera kutentha, kutenthako n'kuumitsanso nkhalango ina. Ndipo mpweyawo sukhala ku Canada kokha, umalowa m'mlengalenga momwemu mmene mumachokera mvula yathu. Chaka chomwecho cha 2023, mu Malichi, ife tinkafukula abale athu m'matope a namondwe Freddy ku Chilobwe.

Ndisawanamizire anzathuwa. Pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse a magetsi awo amachokera kumadzi, monga ife ndi Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa Shire. Migodi ija imadyetsanso mabanja ambiri, ena mwa iwo a mitundu yomweyo ya eni nthaka, choncho kungoti tsekani mawa si nkhani yapafupi. Koma chimandipweteka ndi ichi: boma lomwe linasaina pangano la ku Paris lochepetsa mpweya woipa ndi lomwenso mu 2018 linagula paipi ya mafuta ya Trans Mountain pamtengo wa madola a ku Canada 4.5 biliyoni. Linaikulitsa, ndipo kuyambira Meyi 2024 ikutha kunyamula mafuta ochuluka pafupifupi katatu kupita kudoko la pafupi ndi Vancouver, komwe sitima zimawatengera kumayiko a ku Asia.